Sitima Sidikira Maliro

Tsiku loika maliro a bambo ake, Merlina Prosper anavala malaya a maluwa ofiira ndi achikasu, aja amavala madalaivala a padoko, n'kukaima ndi chikwangwani chake pachipata chotulukira alendo a m'sitima. Sitima ya tsikulo inali chimbalangondo, yotalika kuposa nyumba iliyonse mu Roseau, moti munthu woima mumsewu sankaonanso nyanja.

Mayi Philomen, amene amagawa alendo kwa madalaivala, atamuona anatsitsira magalasi pamphuno.

"Iwe Merlina, mutu ukugwira? Si lero akuika a Laville?"

"Ndamva choncho pawailesi."

"Nanga ukufuna chiyani pano?"

"Pawailesipo dzina langa mwalimva, mayi Philomen?"

Mayiwo anabweza maso pamapepala awo. Chilumba chonse chinali chitamva. Masiku atatu otsatizana, m'mawa uliwonse, wolengeza za imfa ankawerenga kuti Ignatius Laville, msodzi wa ku Anse Corbeau, wasiya mkazi, ana asanu, zidzukulu khumi ndi zinayi, mlongo wake ku London, bungwe la asodzi, kwaya ya amuna, anzake osewera nawo madomino, ngakhale namwino amene ankamubaya jakisoni. Namwino, anthu inu! Koma Merlina, amene anabadwa pakati pa mwana wachiwiri ndi wachitatu, amene anatenga mphumi ya bamboyo ndi mpata wa mano womwe, dzina lake zii. Kuno kwathu mwana wapathengo amadziwira pawailesi ngati anali ndi bambo kapena ayi. Zinamuwawa Merlina, ndisaname. Analira m'bafa, anasukusula, kenako anasita malaya a maluwa.

"Chabwino, ndi zako," anatero mayi Philomen. "Tenga asanu ndi mmodzi awo, akufuna kugombe la madzi ofunda kummwera. Koma tamvera. Makwerero a sitima achotsa hafu pasiti 4. Lennox anachedwetsa alendo awiri chaka chatha, wamuonaponso pachipata pano? Chiphaso chake ndinachidula ndi sizasi ndine ndemwe."

Merlina anachigwira chiphaso chake chimene chinkalendewera m'khosi. Anachidikirira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndicho chinkadyetsa iye ndi ana ake awiri. Wopanda chiphaso salowa pachipata, amangoima kunja kukuwira alendo amene atengedwa kale.

Koma mawu oti kummwera anamulasa. Msewu wa kummwera ndi umodzi basi, uku phiri uku nyanja, ndipo umadutsa pakhomo penipeni pa tchalitchi cha ku Anse Corbeau. Anawerengera mumtima. Misa iyamba 3 koloko, iye pobwerera adutsa hafu pasiti 2, anthu asanasonkhane. Anakweza chikwangwani, kumwetulira alendo ake, n'kuwalowetsa m'minibasi yake.

Amati mlendo ndi mame, koma a m'sitima akalowa m'madzi ofunda amamera mizu. Hafu pasiti 2 itakwana, bambo Harlan, chimunthu cha mimba ndi chipewa chaudzu, anali atangoitanitsa nsomba yootcha, ndipo mmene mayi wa palesitilanti ankazengerezera, nsombayo iyenera kuti inali isanawedzedwe. Nsomba itabwera, mtsikana wina anataya patapata m'mafunde. Patapata atapezeka, nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi wake, zinafuna kuchimbudzi. Merlina ankangoloza wotchi, kumwetulira kuli pakamwa, mkati mukuwira. Ananyamuka hafu pasiti 3.

Anadzilimbitsa mtima kuti Misa ya maliro siitha msanga. Aliyense amafuna kuyankhulapo, wina ndakatulo, wina nyimbo yoimba yekha. Adutsa anthu akadali m'tchalitchi, sayang'ana n'komwe kukhomoko. Chimene sanadziwe n'chakuti wansembe anali ndi maliro ena kumpoto, ndiye anadula zoyankhula zonse.

Atangokhota pakona ya thanthwe, anaona misana. Misana yokhayokha, zovala zakuda, zoyera ndi zapepo, kudzaza msewu kuchokera kuphiri mpaka kukhoma la kunyanja. Kutsogolo, pamwamba pa mitu, bokosi linkayenda pamapewa a asodzi, poti msodzi wa ku Anse Corbeau salowa m'galimoto paulendo womaliza. Merlina anaponda mabuleki, n'kuzimitsa wailesi.

Maliro sadutsidwa. Izi ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka amadziwa. Kutsogolo kwa Merlina kunali lole ya simenti itaima kale, dalaivala wake chipewa chili pachifuwa. Eni mashopu anali atatseka zitseko theka. Manda ali kumapeto ena a mudzi, ndipo pamayendedwe amenewo, a phazi limodzi vesi imodzi, anthu akanafikako hafu pasiti 4. Kuchoka pamudzipo kukafika kudoko ndi mphindi makumi awiri, ukamayendetsa ngati wakuba. Wotchi inkati kwatsala mphindi khumi kuti 4 koloko ikwane.

"Mayi dalaivala, taimiranji?" anafunsa bambo Harlan.

"Kuli maliro, bwana."

"Ndiye lizani hutala apatuke."

"Kuno sititero."

"Simutero? Sitima ija ikatisiya mutipititsa kwathu ndinu? Mapasipoti athu ali m'menemo!"

Mtsikana wa patapata uja anali atatsegula windo, foni ili m'mwamba. "Koma ndiye akuimba bwino! Tamverani mawu a azibambowo."

"Tsitsani foniyo, chemwali."

"Ndikungojambula pang'ono."

"Ndati tsitsani! Mukadzafa inu mudzafuna ndidzabwere ndi kamera?"

Mtsikanayo anatsitsa foni, nkhope itafiira. Kenako kumbuyo kunamveka mawu otsika a gogo wamkazi uja.

"Mwanangu, pepa kukuvutitsa. Mankhwala a mtima a amuna angawa tawasiya m'chipinda m'sitima. Amamwa 6 koloko."

Bola kukalipa kwa bambo Harlan. Mawu aulemuwo anamulowa Merlina m'mafupa. Anatulutsa foni n'kuimbira mayi Philomen.

"Muwauze adikire pang'ono, mphindi khumi ndi zisanu zokha."

"Adikire? Sitima imadikira alendo okwera mabasi ake, osati a ife. Uli pati?"

"Pa Anse Corbeau. Kumbuyo kwa maliro."

Merlina ankamva madalaivala ena akuseka chapatali kumeneko.

"Mayo ine," anatero mayi Philomen pomaliza. "Merlina, ndimakukonda ngati mwana wanga, koma lamulo si langa. Akatsala alendowo, sizasi ili m'dilowa muno. Tsika ukapemphe njira. Si abale ako amenewo?"

Abale! Merlina anaseka kuseka kowawa, n'kudula foni. Kutsidya kwa nyanja sitima inkaoneka yoyera mbee, ndipo nthawi yomweyo inaliza lipenga lake loyamba, mawu ake n'kubwera pamwamba pa madzi ngati ng'ombe yolira kudambo. Inali 4 koloko. Anatsegula chitseko n'kutsika.

Kulowa pakati pa anamalira utavala maluwa ofiira ndi achikasu, munthu umalakalaka nthaka itang'ambika. Ankapepesa uku ndi uku, akudzipanikiza pakati pa mapewa, ndipo manong'onong'o ankamutsogolera.

"Si mwana wa Celestine uyu?"

"Wavala zimenezo? Akuyesa ndi magule a kanivo?"

"Manyazi anatsala m'mimba mwa mayi ake."

Zimenezo akanapirira, anakula nazo. Chimene chinamuthyola n'cha mkulu wina wa kwaya, wa imvi mbuu, amene anamugwira mkono mwachikondi n'kumukokera kumbuyo kwenikweni kwa bokosi, pamzere wa ana a malemu.

"Wachita bwino kubwera, mwanawe. Chibale n'fupa. Malo ako ndi awa, ima apa."

"Ayi agogo, sindinabwerere zimenezo."

Mkuluyo anamusiya mkono pang'onopang'ono, osamvetsa.

Cuthbert, mwana woyamba wa Laville, anasenza kona yakutsogolo ya bokosi, suti yakuda itanyowa ndi thukuta. Merlina anayenda pambali pake masitepe angapo asanapeze mawu.

"Achimwene."

"Achimwene ako ndani?" Cuthbert sanatembenuke n'komwe.

"A Cuthbert, ndili ndi alendo a m'sitima kumbuyoku. Ndikupempha mbali imodzi ya msewu. Mphindi imodzi yokha."

Cuthbert anaima. Bokosi linagwedezeka, onyamula anzake n'kudzandira, ndipo nyimbo inayamba kuduka kuchokera kutsogolo mpaka inakafera kumbuyo. Panatsala phokoso la mafunde okha akumenya khoma.

"Tanenanso. Nena mokweza, anthu amve."

"Ndikupempha njira."

"Mwamva? Akuti bambo anga apatuke. Bambo anga, ali m'bokosi, apatukire azungu ochokera kosambira!"

"Ndi bambo anganso."

"Bambo ako? Ukanabwera utavala ngati chinkhwe?"

"Mukananditchula pawailesi ndikanavala zakuda, ndikanakhala pano kuyambira m'mawa!" Mawu anamutuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. "Munatchula namwino, a Cuthbert. Namwino!"

"Namwino ankabwera kudzawaona. Iwe unabwerako kangati?"

"Pakhomo pake pati? Pamene munandithamangitsa ndi galu ndili ndi zaka khumi?"

"Abale, bokosi likulemera," anadandaula wonyamula wina kumbuyo. Bokosi siliikidwa pansi pamsewu, ndiye anangoima nalo choncho, mapewa akunjenjemera. Merlina anaba kuyang'ana wotchi. Zinali zitadutsa mphindi zisanu ndi ziwiri.

"Ndisiyeni," anatero mawu ena kumbuyo kwake.

Anali Mayi Laville, namfedwa, akuchotsa mikono yawo m'manja mwa ana awo aakazi awiri. Kamunthu kochepa, chipewa chakuda cha neti, miyendo yotupa itafinyidwa m'nsapato za kutchalitchi. Merlina ankawaopa mayi amenewa kuposa mphepo yamkuntho. Moyo wake wonse anali asanayankhulanepo nawo ngakhale moni. Anabwera n'kuima pamaso pake, n'kumuyang'ana kuyambira kumalaya mpaka kumphumi, ndipo pamphumipo maso awo anakhalitsa.

"Sitima inyamuka nthawi yanji?"

"Makwerero achotsa hafu pasiti 4, mayi."

"Akatsala alendowo?"

"Andilanda chiphaso."

"Ana uli nawo awiri."

"Inde mayi." Merlina anadabwa kuti akudziwa.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwoloka msewu ndikaona mayi ako akubwera. Atamwalira ndinayamba kuwoloka ndikaona iwe. Kupatuka ndinakuzolowera." Anatembenukira khamu lija, ndipo mawu amene anatuluka m'kathupi kameneko anafika mpaka kulole ya simenti. "Sunthirani kuphiri nonse! Mwana wa Ignatius ali pantchito, adutse!"

"Amayi!" anakuwa Cuthbert.

"Mwamuna ndi wanga, Cuthbert. Ndati sunthani."

Mwana wa Ignatius. Pamaso pa wansembe, kwaya, asodzi ndi mudzi wonse. Mawu amene anawadikira moyo wonse anabwera pa nthawi imene sakanatha kuwachitira kanthu.

Mayi Laville anamuyang'ananso. "Kapena ukhala? Malo alipo."

Merlina anayang'ana bokosi. Anayang'ana sitima kutsidya. Anaganiza za gogo uja ndi mankhwala, za ana ake, za Lennox amene masiku ano amagulitsa madzi a kokonati kunja kwa mpanda.

"Sindingathe, mayi."

"Ndadziwa. Thamanga."

Anathamangadi. Analowa m'minibasi, anazungulira lole ya simenti, n'kulowa m'kanjira kamene anthu anamusiyira m'mbali mwa khoma. Palibe ankaimba. Anthu mazana awiri anadzipanikiza kuthanthwe, onse maso ali pa iye, ndipo phokoso linali la injini yake yokha. Atafika pabokosi, mpata unachepa kwambiri moti anatulutsa dzanja n'kupinda galasi la pambali kuti lisakhule. Bokosi linadutsa pawindo lake penipeni, thabwa lofiirira, zogwirira zonyezimira, pafupi poti akanalisisita. Koma msewu unali wothina, khoma lili kumanzere, ndipo manja onse awiri ankafunika pachiwongolero. Anaona nkhope ya Cuthbert, misozi ndi thukuta zitasakanikirana. Kenako kutsogolo kunayera, msewu uli pululu.

"Wamwalirayo ndi ndani, mwanangu?" anafunsa gogo uja.

"Msodzi wa m'mudzi muno," anatero Merlina, n'kuponda mafuta.

Mmene anayendetsera sindikufuna kunena, apolisi angamve. Ankapukuta m'maso ndi phewa pakona iliyonse. Bambo Harlan amene ankafuna hutala uja anagwira mpando ndi manja awiri, akutchula Mulungu wake. Analowa mu Roseau sitima ikuliza lipenga lachiwiri, anadula pamsika, anakwera pang'ono pamsewu wa oyenda pansi, n'kukaima pachipata matayala akununkha. Kunatsala mphindi ziwiri. Anyamata a yunifolomu yoyera anali atagwira kale zingwe za makwerero.

Alendo anatsika ngati m'minibasi mwayaka moto. Mayi Philomen anathamanga nawo akukupiza mapepala m'mwamba, akukuwa kuti adikire, kuli nkhalamba. Gogo wamwamuna anakwera pomalizira, makwerero n'kuchotsedwa kumbuyo kwake. Palibe mlendo anacheuka.

Mayi Philomen anabwerera ali wefuwefu n'kutsamira pawindo la Merlina.

"Wadutsa?"

"Ndadutsa."

"Chiphaso ndi chako. Tsopano choka pano, bwerera."

Akanabwerera nthawi yomweyo, mwina akanapeza akuimba nyimbo yomaliza. Koma Merlina analumbira kuti sakaonekanso pamaso pa anthu aja atavala maluwa. Anakhotera kunyumba kukavala diresi yakuda, ndipo potuluka anapeza tauni yonse yatsekeka ndi mabasi ochoka padoko ndi anthu oweruka kuntchito. Mmene ankayandikira Anse Corbeau, dzuwa linali litapendeka, ndipo anthu ankachokera kumanda m'timagulu, majekete ali pamapewa, azimayi nsapato zili m'manja.

Anaimika minibasi pambali n'kuzimitsa injini. Anthu ankadutsa, ena kuyang'ana kumbali, ena kumuyang'ana dala. Cuthbert anadutsa ndi asodzi anzake, mathalauza ali ndi dothi m'maondo, osatembenuka. Merlina anakhala m'diresi yake yakuda, manja pamiyendo, osadziwa ngati atsike kapena atembenuke.

Wina anagogoda pachitseko cha kumanzere.

"Tsegula. Miyendo yakana."

Mayi Laville anakwera movutikira n'kukhala mpando wakutsogolo. Ana awo aakazi anaima chapatali, kukamwa yasa.

"Mwamaliza, mayi?"

"Takwirira. Nkhata taika. Alendo ako akwera?"

"Akwera."

"Chabwino."

Anavula chipewa n'kuchiika pamiyendo. Anakhala nthawi akuyang'ana kutsogolo, akusisita neti ya chipewacho ndi chala.

"Tsiku lomaliza lija bambo ako anafunsa za iwe. Katatu konse. Anati ndikuimbire foni ubwere." Anasiya kusisita neti ija. "Nambala yako ndinali nayo. Sindinaimbe."

Merlina anatembenuka n'kuwayang'ana.

"Sindikupepesa, usayembekeze zimenezo. Ndangoti udziwe, chifukwa ndekha sindingazisenze. Nyumba ukuidziwa, ya buluu kumtunda kuja. Liza galimoto tizipita."

Merlina anagwira kiyi, koma anakanika kumupotokola. Anayesa kachiwiri, osatheka. Anagwetsa mutu pachiwongolero n'kulira mokweza, kulira kwa mwana amene bambo ake anamuitana iye osamva, ndipo Mayi Laville anakhala phee pambali pake kudikira kuti amalize.